Firiji yapsa, bambo akuti tigule jenereta: tiyambire pati?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Akuti: "Ndine mayi wa ana atatu, tikukhala m'nyumba ya lendi. Ndimachita kabizinesi ka mafilizesi ndi nkhuku zodula kale zomwe ndimasunga m'dipu firiza. Mwezi watha magetsi atazima n'kubweranso, firiji ya kukhitchini inangolira kamodzi n'kusiyiratu kuziziritsa. Tsopano ndili ndi mantha kuti firiza nayo ipsa, pomwe ndi imene imatidyetsa. Tikukhalanso ndi apongozi anga omwe ali ndi matenda a shuga ndipo amabaya insulin, komanso mwana wathu woyamba akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. Bambo akunyumba akuti tigule jenereta, mnzanga akuti inveta, wina akuti sola. Ndalama n'zochepa. Tiyambire pati?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba, paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndagwira ntchito ya zamagetsi m'nyumba za anthu kwa zaka zoposa 20, ndipo m'nyumba zambiri ndapezamo jenereta ili pakona yachita fumbi, kapena batire lomwe linafa chaka chisanathe, pomwe chimene banjalo linkasowa chinali kanthu kakang'ono kotsika mtengo. Choncho ndiyamba ndi zimene mungachite sabata yomwe ino. Za jenereta ya bambo tifikako, musadandaule.

Firiji yanuyo musaiike kaye m'gulu la zakufa. Kuseri kwake, chakumunsi, kuli chinthu chakuda chooneka ngati mphika wovundikira, chomwe amisiri timati kompuresa. Ndiwo mtima wa firiji. Pambali pake pamakhala kachipangizo kotchedwa relay kamene kamaidzutsa, ndi kena kamene kamaizimitsa ikatentha mopitirira. Kawirikawiri firiji ikalira kamodzi n'kukhala duu, chapsa ndi kachipangizo kameneka, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pafupi ndi wa kompuresa. Itanani mmisiri wa mafiriji, mumupemphe kuti ayeze zonse ziwiri ndi mita yake inu mukuona. Amene angofika n'kunena kuti gasi watha asanayeze kalikonse, mumuthokoze n'kufuna wina. Gasi wa m'firiji satha chifukwa magetsi azima, amatha pokhapokha paipi itabooka.

Nanga chinachitika n'chiyani tsiku limenelo? Magetsi a m'nyumba zathu amayenera kubwera ndi mphamvu ya mavolti 230. Akazima kwa maola angapo, m'dera lonse mumakhala mafiriji, magiza, makuka ndi maketulo omwe eni ake anawasiya oyatsa. Magetsi akangobwera, zonsezi zimadzuka kamodzin'kamodzi, thiransifoma imalemedwa, mphamvu ija imatsika. Injini ya firiji ikalandira mphamvu yoperewera imalephera kuzungulira, koma imakokabe magetsi ochuluka, n'kuyamba kutentha. Choopsa china ndi magetsi aja ophethira, oti azima, pakangotha kamphindi abwera, kenako azimanso. Kompuresa ikaima imafuna mphindi 3 mpaka 5 kuti gasi wa m'mapaipi akhazikike. Ikakakamizidwa kudzuka nthawi imeneyi isanakwane, zimakhala ngati munthu akukankha wilibala yodzaza mchenga pachitunda, ndipo china chake chimagonja.

Mankhwala ake oyamba ndi aulere. Magetsi akazima, zimitsani pakhoma firiza, firiji, TV ndi dekoda, ndipo ndi bwino kuzula mapulagi. Siyani babu limodzi loyatsa kuti likuuzeni akabwera. Akabwera dikirani mphindi 10, muone ngati babu lija likuwala mokhazikika, kenako muyatse zinthu chimodzichimodzi. Popeza simukhala pakhomo nthawi zonse, ndipo magetsi amabweranso usiku muli m'tulo, chinthu choyamba kugula ndi fridge guard. Ndi kabokosi kamene mumalowetsa pasoketi, firiza n'kuilumikiza pa iko. Kamadula magetsi akatsika kapena akakwera mopitirira muyeso, ndipo akabwera kamadikira mphindi zingapo kasanawalole kudutsa. Firiza ikhale ndi kake, firiji ikhale ndi kake, ndipo zilowe pakhoma mwachindunji, osati pa maekisitenshoni aja a mawaya owonda ngati ulusi omwe mumapeza mwapanikizamo zinthu zisanu.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna aliyense m'nyumba mwanu achidziwe, ndi ana omwe. Mukaona mababu akuwala modabwitsa ngati aphulika, kapena a kwanu akuwala kwambiri pomwe a oyandikana nawo afooka ngati kandulo, thamangani mukagwetse main switch pabolodi ya magetsi. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti waya wa neutral, womwe umabweza magetsi kuthiransifoma, waduka kapena wamasuka penapake, ndipo pamenepo mphamvu ikhoza kukwera mpaka kuyandikira mavolti 400. Ndaonapo mzere wonse wa nyumba utataya ma TV ndi matchaja m'mphindi ziwiri zokha. Zimachitika kwambiri mphepo ikagwetsa mitengo, kapena akuba akasolola mawaya a kopa pathiransifoma. Musayatsenso mpaka a ESCOM atabwera kudzakonza.

Kuzima kwa magetsi kuli mitundu, ndipo kudziwa mtundu wake kumathandiza kudziwa chochita. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi EGENCO pamtsinje umodzi, wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ESCOM ndi imene imawafikitsa m'makomo. Madzi a m'nyanja ya Malawi akatsika, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, makina sapeza madzi okwanira. Mvula ikachuluka, zinyalala, namasupuni ndi matope zimatseka makinawo. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo kukonza kunatenga mpaka 2023. Magetsi a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti athandiza, koma anthu timafuna magetsi ambiri m'mamawa ndi madzulo pophika. Magetsi akachepa chonchi amagawidwa mosinthana, ndipo ndondomeko yake imalengezedwa m'manyuzipepala ndi pa Facebook. Fufuzani kuti dera lanu lili m'gulu liti, mulembe nthawizo papepala n'kulimata pakhoma kukhitchini. Kuzima kotereku n'kosavuta kukonzekera chifukwa mukudziwa kuti abwera.

Kuzima kovuta ndi kwa folti, koti pholo lagwa kapena thiransifoma yapsa, chifukwa kukhoza kutenga masiku. Anthu amangoganiza kuti wina wanena kale, mapeto ake palibe amene wanena. Imbani ku ofesi yolandira madandaulo, mutenge nambala ya dandaulo lanu. Koma musanaimbe suzumirani kaye kwa oyandikana nawo. Ngati kwawo akuyaka, onani mita, mwina mayunitsi atha, kapena buleka yagwa. Ngati mita yanu ndi ya mtundu uja woti mita yeniyeni ili panja, m'nyumba muli kolowetsera manambala kokha, sungani mabatire ake atsopano m'dirowa, chifukwa mayunitsi akatheratu kamadalira mabatirewo. Buleka ikagwa muidzutse kamodzi mutazula zinthu zonse. Ikagwanso musalimbane nayo, ikukuuzani kuti penapake pali vuto, itanani mmisiri.

Tsopano firiza, yomwe mwati ndi imene imakudyetsani. Nkhani yabwino ndi yakuti dipu firiza imapirira kuposa mmene anthu amaganizira. Ikakhala yodzaza ndipo simukuitsegula, imasunga katundu ali wouma kwa maola pafupifupi 48. Ikakhala theka, maola pafupifupi 24. Firiji wamba imangopirira maola 4. Chinsinsi ndi kudzaza. Malo onse opanda kanthu ikanimo mabotolo a madzi, osawadzaza mpaka pakamwa chifukwa madzi akamaundana amafufuma n'kung'amba botolo. Ayisi ameneyu ndiye batire lanu lotsika mtengo kuposa onse: amasonkhanitsa kuzizira magetsi akakhalapo, n'kumakubwezerani akazima. Nkhuku ziikeni pansi penipeni zitathithikana, mafilizesi pamwamba. Mdani wamkulu wa bizinesi yanu ndi chivundikiro, chifukwa mwana aliyense wobwera kudzagula filizesi imodzi amatsegulitsa firiza. Magetsi akazima, tulutsani mafilizesi a tsikulo kamodzi muwaike m'kula bokosi ndi mabotolo awiri a ayisi, firiza ikhale yotseka. Mukhoza kuifunditsa bulangete, koma mulichotse magetsi akabwera, chifukwa firiza imatulutsira kutentha m'mbali mwake. Iime pamthunzi, motalikirako ndi khoma ndi mbaula, ndipo muone mphira wa pachivundikiro: mukapanapo pepala n'kulisolola mosavuta, mphirawo watha, kuzizira kukuthawira pamenepo.

Kuti mudziwe chomwe chachitika muli kutali, umitsani madzi m'kapu, muike ndalama yachitsulo pamwamba pa ayisiyo, kapuyo ikhale m'firiza nthawi zonse. Mukadzapeza ndalama ija yamira mpaka pansi, dziwani kuti zonse zinasungunuka n'kuumanso. Nkhuku yomwe idakali ndi ayisi mkati mukhoza kuiumitsanso. Yomwe yasungunukiratu koma ikadali yozizira ngati yochokera m'firiji, iphikeni tsiku lomwelo. Yomwe yafunda kwa maola oposa awiri musaigulitse ndipo musaidye, ngakhale isanunkhe, chifukwa tizilombo totsegula m'mimba sitimveka fungo nthawi zonse. Ndikudziwa kuti kutaya nkhuku zisanu kumawawa, koma kasitomala mmodzi akadwala dera lonse limva. Nyengo imene magetsi akuvuta kwambiri, odani katundu wochepa woti atha m'masiku atatu kapena anayi. Za ndiwo za pakhomo musadalire firiji yokha: usipa, matemba, nyemba, mfutso ndi nyama yowamba zinalera makolo athu popanda soketi.

Nkhani ya apongozi anu ndiyo ndikufuna muigwire ndi manja awiri. Insulin yomwe sinatsegulidwe imafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, komwe ndi kuzizira kwa firiji wamba. Botolo lomwe ayamba kugwiritsa ntchito limatha kukhala kunja kwa firiji kwa masabata pafupifupi 4, bola pamalopo pasatenthe kupitirira madigiri 30 ndipo pasafike dzuwa. Cholakwa chimene ndikuopa, poti firiji yanu yafa, ndi kuika insulin m'dipu firiza. Musayerekeze. Insulin ikauma ndi ayisi yawonongeka, ngakhale itasungunuka n'kumaoneka bwino. M'kula bokosi namonso isagunde ayisi, muikulunge pakansalu. Njira yakale ya mtsuko imagwira ntchito: ikani botolo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko kakhale mumtsuko wadothi wa madzi, pamalo amthunzi podutsa mphepo. Mwezi wa October ku Blantyre kukatentha, mtsuko umenewu ndi wofunika kwambiri. Insulin yoyera ngati madzi ikachita mbuu, kapena ikakhala ndi timibulu, asabaye. Ine ndine wa zamagetsi, choncho pa ulendo wawo wotsatira wa kuchipatala, kaya ndi ku Gulupu kapena chipatala cha pafupi nanu, auzeni anamwino kuti firiji yafa, akulangizeni molingana ndi mtundu wa insulin yomwe agogo amabaya.

Chinanso chimene mabanja amaiwala ndi ichi: agogo akabaya jakisoni, nsima n'kuchedwa chifukwa magetsi azima mphika uli pamoto, shuga wa m'thupi amatsika. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzaoneni ndi kulankhula zosokonekera. Pafupi ndi bedi lawo pazikhala tochi, shuga kapena maswiti, ndi chakudya chosalira kuphika monga buledi kapena nthochi. Akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangirani nawo kuchipatala. Ichi n'chifukwa chake foni imodzi m'nyumbamo iyenera kukhala ndi moto nthawi zonse. Gulani pawabanki imodzi yabwino, muiletse ana kuonerapo mafilimu, ndipo musunge kandalama ka m'manja kolipirira galimoto usiku, chifukwa magetsi akazima nthawi yaitali netiweki nayo imatha kuvuta, ndalama za pafoni osatuluka.

Madzi musawaiwale. Ambiri mwa madzi a mumzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire, kukwera mtunda wautali, ndipo amene amawakankha ndi magetsi. Magetsi akavuta kwa nthawi yaitali, mipope imauma. Inu mulipo anthu 6, ndiye powerengera malita 20 pa munthu patsiku, ndowa 6 za malita 20 ndi madzi a tsiku limodzi. Akumwa akhale m'chigubu chotseka, othira WaterGuard kapena owiritsa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inu mumapanga mafilizesi omwe ana a eni ake amayamwa, choncho madzi a mafilizesiwo asachokere pachitsime chilichonse chifukwa choti mpope wauma.

Pa zounikira ndilankhula mosabisa: kandulo ndi koloboyi zichoke m'zipinda zogona. Neti ya udzudzu, makatani ndi matiresi a siponji zimagwira moto mwamsanga kuposa mmene munthu angadzukire. Masiku ano kuli mababu otchaja omwe amalowa m'holda wamba, amadzitchaja magetsi akakhalapo n'kupitiriza kuwala kwa maola angapo akazima. Awiri kapena atatu akukwanirani: pabalaza, kukhitchini ndi kuchipinda kwa agogo. Wa Fomu 4 mumugulire nyale yakeyake ya sola ya patebulo, aziiyanika yekha m'mawa uliwonse. Imeneyi imuthandiza kuposa jenereta, chifukwa palibe amene amawerenga bwino injini ikubangula pazenera. Ngati kandulo sinapeweke, iime m'mbale yachitsulo pakati pa tebulo, munthu wamkulu ali pomwepo. Parafini musamusunge m'botolo la zakumwa. Mwana akamumwa musamusanzitse, chifukwa posanza amalowa m'mapapo, pitani naye kuchipatala msanga.

Moto wina umabwera ndi magetsi enieniwo. Ndinaitanidwapo kunyumba ina komwe mayi ankasita, magetsi n'kuzima, iwo n'kusiya ayironi itagona pabulangete n'kupita kumsika. Magetsi anabwera kulibe munthu. Chipinda chonse chinapsa, mwamwayi ana anali kusukulu. Ayironi, hotipuleti, kuka ndi hita zizizimitsidwa pakhoma nthawi yomweyo magetsi akazima, musanayambe n'kufunafuna tochi komwe.

Pophika, ambiri timathawira kumbaula. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka, sununkha, ndipo suyabwa m'maso ngati utsi wa nkhuni. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako munthu amangogona osadzukanso. Mayeso a Fomu 4 amakonda kugwa m'nyengo yozizira, ndipo ana amakonda kulowetsa mbaula kuchipinda kuti aziwotha powerenga, zitseko ndi mazenera zili zotseka. Muletseni mwana wanuyo mwamphamvu. Mbaula iziyaka pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo isagone m'nyumba ngakhale makala akuoneka ngati azima. Mukapeza anthu angapo m'nyumba akudandaula mutu nthawi imodzi, atulutseni panja, tsegulani paliponse, mupite nawo kuchipatala. Mukadzapeza kangachepe, kasilinda ka gasi kokhala ndi chophikira pamwamba kamathandiza pa tiyi ndi phala la m'mawa. Nyemba mukhoza kuziviika usiku, kuziwiritsa mphindi 20, kenako kukulunga mphikawo m'bulangete n'kuuika m'dengu, zimapitiriza kupsa zokha ndipo makala amapulumuka.

Tsopano tifike pa funso lanu lenileni. Musanagule chilichonse, inu ndi bambo mukhale pansi ndi pepala muwerengere, ndipo muyeso wake ndi yuniti yomweyi mumagula. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Chipangizo chilichonse chinalembedwa mawati ake kuseri kapena pansi. Mababu 4 a mawati 7 oyaka maola 5 amadya mawati 140. TV ndi dekoda, tinene mawati 70 kwa maola 4, ndi 280. Kutchaja mafoni anayi, pafupifupi 60. Zonse pamodzi ndi 480, kutanthauza pafupifupi theka la yuniti. Batire la mavolti 12 lolembedwa 100Ah limasunga yuniti 1.2, koma ngati ndi la asidi simuyenera kumwa mphamvu yake kupitirira theka, apo ayi lifa msanga. Ndiye zimene muli nazo zenizeni ndi 0.6, ndipo inveta, yomwe imasintha magetsi a m'batire kuti agwire ntchito m'nyumba, nayo imadyapo pang'ono. Mukuona kuti batire limodzi likukwanira mababu, TV ndi mafoni usiku umodzi, basi. Ketulo ya mawati 2,000 ingamalize gawo limenelo mphindi 20 zisanakwane. Chilichonse chotenthetsa, kaya ayironi, kuka, giza kapena ketulo, chisayandikire inveta.

Firiza yapakatikati imadya pafupifupi yuniti imodzi patsiku, kukatentha imaposa pamenepo, ndipo podzuka imakoka mphamvu kuwirikiza kangapo kuposa imene imadya ikamayenda. Kuti iyende pa inveta mufunika inveta ya mawati osachepera 1,000 ya mtundu wa pure sine wave, womwe umatulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM, ndi mabatire osachepera awiri. Ma inveta otchipa a modified sine wave amayatsa mababu bwinobwino, koma injini ya firiza imalira ndi kutentha, ndipo tsiku lina mudzaitaya. Mabatire a lithium ndi okwera mtengo pogula, koma mumamwa pafupifupi mphamvu yake yonse ndipo amakhala zaka zambiri kuposa a asidi. Batire la galimoto musagule, linapangidwira kuliza injini kwa kanthawi kochepa, osati kuyatsa nyumba usiku wonse. Pogula, samalani ndi mabatire olembedwa manambala aakulu koma opepuka m'manja. Batire la asidi la 100Ah lenileni limalemera makilogalamu pafupifupi 30, ndipo amene akukana kukupatsani lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa akudziwa chimene akugulitsa. Batire la asidi lothira madzi likhale podutsa mphepo, kutali ndi moto, chifukwa potchaja limatulutsa mpweya wophulika.

Inveta payokha sipanga magetsi, imangosintha a m'batire kuti afanane ndi a pakhoma. Ngati magetsi akubwera maola ochepa patsiku, batire silidzaza, ndipo batire la asidi lomwe likukhala losadzaza masiku ambiri limafa. Apa ndi pamene sola imalowera. Kuno kwathu panelo ya mawati 200 imapereka pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a yuniti patsiku la dzuwa labwino, zomwe zikukwanira kubwezera zimene mababu ndi TV zadya usiku. Masiku a chiperoni imapereka zochepa kwambiri, ndipo inu a ku Blantyre mukudziwa kuti chiperoni chimatha kukhala masiku atatu. Pakati pa panelo ndi batire pazikhala charge controller, kachipangizo koteteza batire kuti lisatchajidwe mopitirira, nthawi zonse, ndipo paneloyo muziipukuta fumbi m'chilimwe. Poti muli pa lendi, sankhani zoti mukhoza kunyamula posamuka, ndipo musaboole denga kapena kukhudza mawaya a nyumba musanagwirizane ndi alandilodi.

Bambo sakulakwa poganiza za jenereta, chifukwa pa zitatuzi ndi yokhayo imene ingadzutse firiza yanu pa mtengo wogulira wocheperako. Koma iwerengereni bwino. Ya mphamvu ya 2 kVA ikamagwira ntchito imamwa pafupifupi lita imodzi ya petulo pa ola. Tengani mtengo wa lita lero, muone kuti mugulitse mafilizesi angati kuti mubweze ola limodzi, muwonjezepo oyilo, sevisi ndi masiku amene mafuta amasowa pamafilingi siteshoni. Tijenereta tating'ono tija tosakaniza petulo ndi oyilo timalephera kudzutsa firiza, ndipo magetsi ake sakhazikika. Ngati mugula, ntchito yake ikhale yopulumutsa katundu pa folti yaitali: kuiliza maola 2 kapena 3 m'mawa, chimodzimodzinso madzulo, kuti ayisi abwerere. Mabanja ena amasonkherana awiri kapena atatu n'kumabwerekana, ndipo kwa bizinesi ya msinkhu wanu nzeru imeneyi ndimaiyamikira.

Jenereta imatulutsa mpweya wakupha womwe uja wa mbaula, koma wochuluka kwambiri. Anthu amailowetsa m'khitchini, m'bafa kapena pakolido poopa akuba, ndipo mabanja athunthu atha motero. Iziyaka panja, mamita osachepera 6 kuchokera pazenera ndi pakhomo, paipi ya utsi italoza kumbali, osatinso kuzenera la oyandikana nawo. Poopa akuba imangeni ndi tcheni kapena muiwotcherere khola lazitsulo lopita mphepo. Musathire petulo ikuyaka kapena ikadali yotentha, ndipo isanyowe ndi mvula.

Ndipo chonde, bambo asalole munthu wowauza kuti apange waya wa mapulagi mbali zonse, mbali ina kujenereta, ina pasoketi ya pakhoma, kuti nyumba yonse iyake. Mano a pulagi yachiwiriyo amakhala ndi moto ali pamtunda, mwana akhoza kuwagwira. Kuposa apo, magetsi anuwo amatuluka kudzera pamita n'kulowa m'mawaya a panja, akafika pathiransifoma amakwezedwa mpaka mavolti 11,000, ndipo mmisiri amene wakwera pholo akudziwa kuti laini ndi yozimitsa akhoza kufera pomwepo. Magetsi akabweranso mwadzidzidzi, jenereta imapsa, nthawi zina ndi nyumba yomwe. Njira zololeka ndi ziwiri zokha: kukoka ekisitenshoni yokhuthala kuchokera kujenereta kupita kufiriza mwachindunji, kapena kuikitsa changeover switch, yomwe imalekanitsa nyumba ndi mawaya a ESCOM jenereta ikamayaka, ndi mmisiri yemwe ali ndi chiphaso cha MERA. Pa nyumba ya lendi, ekisitenshoni ndiyo yoyenera.

Ndikanakhala ine m'nyumba mwanumo, mwezi uno ndikanagula fridge guard ya firiza, mababu otchaja, nyale ya mwana, pawabanki, mtsuko wa agogo ndi ndowa zamadzi, n'kuitana mmisiri wa firiji. Zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa jenereta yabwino. Kenako ndikanasunga pang'onopang'ono za kasola ka mababu ndi mafoni. Kwa miyezi iwiri ndikanalemba m'kope tsiku lililonse maola amene magetsi azima ndi katundu amene wawonongeka. Kopelo likaonetsa kuti folti zopitirira tsiku lathunthu zikubwera kawirikawiri ndipo nkhuku zikutayika, pamenepo jenereta yadzilipira yokha, bambo agule.

Pomwe mmisiri wa firiji akubwera, pemphaninso wa zamagetsi wachiphaso adzaone soketi imene firiza imalowapo, komanso ngati nyumbayo ili ndi earth yogwira ntchito, waya uja wotaya m'nthaka magetsi osokera. Nyumba zambiri za lendi zinawonjezeredwa zipinda ndi mawaya olumikiza mwachisawawa. Ngati soketi ikutentha mukaigwira, yada m'mphepete, ikumveka fungo la pulasitiki wopsa, kapena mumamva kugwedeza mukagwira firiza, kuka kapena mpope muli osavala nsapato, musadikire mwezi kutha, gwetsani main switch muitane mmisiri tsiku lomwelo, ndipo alandilodi adziwe. Waya wa magetsi ukagwa panja, aliyense atalikire mamita 10 ngakhale dera lonse lili mumdima, wina aimirire patali kuchenjeza ana mpaka eni ake afike. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukhudze ndi manja, zimitsani kaye main switch, ndipo ngati simungathe mukankheni ndi mtengo wouma mutaponda pouma. Akamasuka apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuwotcha mkati mwa thupi pomwe pakhungu pakungooneka kabala kakang'ono.